Wakuba Wolowa m'Kompyuta Popanda Pasiwedi: Mafunso ndi Mayankho kwa Amalonda a ku Bulawayo

Kodi mapulogalamu oyendetsera kompyuta uli kutali ndi ati, nanga ife akutikhudza bwanji?

Ndi monga AnyDesk, TeamViewer, VNC, ScreenConnect, komanso Remote Desktop imene imapezeka kale mu Windows. Munthu ali kwina amaona zonse za pa kompyuta yanu, n'kumatsegula mafayilo ndi kulemba momwe akufunira. Kuno ku Bulawayo ambiri tawazolowera osadziwa n'komwe. Mwini shopu ali ku Joni amaona zimene zagulitsidwa patilu ku Makokoba kapena ku Sizinda. Wowerengera ndalama pafakitale ya ku Belmont amatsegula pulogalamu ya Pastel ali kunyumba. Wokonza makompyuta wa ku Harare amathetsa vuto lanu osayenda makilomita oposa 400. Ntchito ya mapulogalamuwa ndi yabwino ndithu, ndipo sitikunena kuti muwataye onse.

Nanga kulambalala pasiwedi kumachitika motani?

Pulogalamu iliyonse yotere ili ndi mlonda pageti, amene ntchito yake ndi kufunsa kuti ndinu ndani. Kuba pasiwedi ndi kum'namiza mlondayo. Zimene tikukamba pano n'zina: olemba pulogalamu analakwitsa penapake, moti pali njira yodutsira mlonda osakufunsani kanthu.

Mu May 2006 zinadziwika kuti RealVNC 4.1.1 inali ndi vuto lotere. Kompyuta yolumikizidwa inkatchula njira zotsimikizira munthu zimene imalola, wolumikizayo n'kusankhapo imodzi. Koma sinkaonanso ngati wasankhadi pa zimene yatchula. Wakuba ankangoyankha kuti wasankha njira yosafuna pasiwedi, iyo n'kuvomera.

Mu February 2024 zinabwerezeka pa ScreenConnect, pulogalamu ya kampani ya ConnectWise. Tsamba lokhazikitsira pulogalamuyi limayenera kutsekeka ikangoikidwa koyamba. Anthu anapeza kuti kungowonjezera kamzere kopendekera kumapeto kwa adiresi ya tsambalo, linkatsegukanso, ndipo aliyense ankatha kudzilembetsa kukhala woyang'anira wamkulu. Vutoli, lotchedwa CVE-2024-1709, analipatsa 10 pa 10 pa muyeso wa kuopsa. Kampaniyo inalengeza pa 19 February ndi kutulutsa 23.9.8 yokonzedwa, koma pasanathe masiku ambiri magulu otseka mafayilo a anthu n'kumafuna dipo, monga Black Basta, anali atayamba kale kulowera pomwepo mwa amene anachedwa kukonza.

Pasiwedi yanga ndi yaitali, yosakaniza manambala. Siyokwanira?

Pa vuto ili ayi, chifukwa wakubayo safika n'komwe pamene pasiwedi imafunsidwa. Isungeni yolimba chomwecho, imakutetezani kwa ongoyesayesa. Koma mankhwala a vuto la m'pulogalamu ndi update yochokera kwa eni ake.

Kashopu kanga kakang'ono, wakuba wa kunja angakafunirenji?

Sakusankhani ndi dzina. Amayendetsa mapulogalamu ofufuza intaneti yonse usana ndi usiku, kusaka makompyuta amene asiya khomo lotseguka, monga port 3389 ya Remote Desktop kapena 5900 ya VNC. Imene yayankha amaiyesa, ikhale ya banki kapena ya butchala.

Njira ina ndi yodzera mwa amene amakukonzerani. Pa 2 July 2021 gulu la REvil linalowa mu Kaseya VSA, pulogalamu imene makampani okonza makompyuta amayang'anirira nayo makasitomala awo. Mabizinesi ofika pafupifupi 1,500 anakhudzidwa, ndipo ku Sweden masitolo a Coop pafupifupi 800 anatseka chifukwa matilu anasiya kugwira ntchito. Eni masitolowo sanatsegule kalata yachinyengo iliyonse. Tsoka linadzera kwa amene anawakhulupirira, ndipo n'chifukwa chake funso lakuti wokonza wanu amagwiritsa ntchito chiyani si lachipongwe.

Kodi zotere zinafikako ku Zimbabwe?

Magulu ofuna dipo anafika kale. Mu 2024 gulu lotchedwa Mad Liberator linanena kuti laba mafayilo a ZB Financial Holdings n'kuwaika poyera pa intaneti. Chaka chomwecho akatswiri a kampani ya Sophos anafotokoza machitidwe a gululi monga anawaonera kwina: limatumiza pempho lolumikizana pa AnyDesk, wantchito n'kuvomera poganiza kuti ndi a IT a pakampani pawo. Kenako sikirini imaonetsa ngati Windows ikuchita update, pamene mafayilo akukopedwa kuseri. Apa pulogalamu sinalakwe, analola ndi munthu. Zotsatira zake n'zofanana, choncho uzani wapatilu kuti pempho limene sanauzidwiretu pafoni alikane.

Kompyuta yathu ndi ya Windows 7 ndipo ikugwirabe bwino. Pali vuto?

Lilipo. Mu May 2019 Microsoft inakonza vuto la BlueKeep mu Remote Desktop, limene linkalola munthu kulamulira kompyuta asanafunsidwe dzina. Linali loopsa moti anakonzeranso Windows XP imene anali ataisiya kale. Windows 7 anasiya kuisamalira mu January 2020, Windows 10 pa 14 October 2025. Ndalama yogulira ina ikasowa, kompyuta yakaleyo igwire ntchito yake koma isalandire wolumikiza kuchokera kunja.

Ndimufunse chiyani wokonza makompyuta wanga?

Mufunseni mwaulemu koma mosazungulira: "Achimwene, mwaika chiyani muno cholowera muli kutali, ndipo update yomaliza munachita liti?" Akuonetseni pa sikirini. Pulogalamu imene inaikidwa tsiku limodzi zaka zapitazo ichotsedwe. Remote Desktop isayang'ane pa intaneti mwachindunji, idutse pa VPN. Njira yolowera popanda munthu kuvomera izimitsidwe ngati siikufunika, ndipo akaunti ya amene wasiya ntchito ifufutidwe tsiku lomwelo. Ambiri timazengereza update chifukwa cha mtengo wa bandulo ndi kuthimathima kwa magetsi a ZESA. Zifukwazo n'zomveka, koma akuba amawerenga chilengezo cha vuto tsiku lomwelo limene chatuluka. Musaiwalenso kukopera mabuku a ndalama pa diski imene mumaizula mukamaliza.

Nanga atalowa kale?

Zulani waya wa intaneti ndi kuzimitsa Wi-Fi, koma musafufute kanthu, pakuti ofufuza adzafuna umboni. Mapasiwedi a banki, a imelo ndi PIN ya EcoCash asinthidwe pa foni kapena kompyuta ina. Ngati munasunga mayina, manambala a ziphaso kapena a foni a makasitomala, lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021 likukukhudzani: wosunga zinthu za anthu adziwitse bungwe la POTRAZ pasanathe maola 24 atazindikira kuti zabedwa. Kaperekeni lipoti kupolisi ya ZRP, ndipo banki yanu muiimbire tsiku lomwelo.