PHUNZIRO: MLIMI NDI MALONJEZO A BOMA

Abale a m'midzi, cimanga cimene cigulidwa m'misika ya ku Kawale, Chinsapo ndi Mgona cicokera m'minda yathu, ndipo ambiri okhala kumeneko alinso ndi timinda tao kunja kwa mzinda wa Lilongwe. Cotero Boma likasintha makonzedwe a ulimi, nkhaniyo iri ya ife tonse. Kodi tiyenera kulikhulupirira kufikira pati?

1. Zimene tinaziona. M'caka ca 1946 Boma la Azungu linaika lamulo losunga nthaka, ndipo okana kuunda mizere yopingasa analipitsidwa, ena namangidwa. Mizereyo inali yabwino, koma anthu anaida, pakuti inadza ndi cikakamizo. M'caka ca 2005, m'masiku a Bingu wa Mutharika, kunadza makuponi a fetereza, ndipo nkhokwe zambiri zinadzala. M'caka ca 2020 Lazarus Chakwera anayamba makonzedwe ena, ndipo thumba la makilogalamu 50 linagulidwa K4,495. Pofika 2022 thumba lomwelo linali K15,000, ndi olandira anacepa. Caka comweco misika ya ADMARC inatsekedwa kuti ikonzedwenso. Ndiponso K750 miliyoni zinalipidwa kwa kampani ya ku Britain imene sinabweretse fetereza, ndipo nduna ya ulimi inacotsedwa.

2. Mangawa a Boma. Cikhulupiriro sicilamulidwa ai. Cimera pang'ono pang'ono monga mbeu. Boma likafuna kuti alimi alitsate, linene msanga mtengo ndi ciwerengero ca olandira, maina awerengedwe poyera pabwalo la mfumu, ndi fetereza afike mvula isanagwe. Thumba lofika cimanga citamasula ngaiyaye silidzaza nkhokwe.

3. Mangawa athu. Akulu anati, fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Tisanyoze thandizo la Boma, koma tisaike moyo wa ana athu pa ilo lokha. Tikonze manyowa m'cilimwe. A Mbeya apangidwa ndi ndowe, phulusa, gaga, madzi ndi fetereza pang'ono, nasungidwa m'thumba lomanga masabata atatu. Tibzale mtedza, soya ndi nandolo mosinthana ndi cimanga, pakuti zibwezera mphamvu m'nthaka. Tilowe m'magulu a alimi, kuti mau athu amveke kwa alangizi, ndi kuti mavenda asatigule cimanga pa mtengo wolira. Inunso a m'mzinda, mukafuna kuthandiza makolo, tumizani ca mbeu mu October, osati mvula itagwa.

Mlimi wokonzeka cotere akondwa lonjezo likakwaniridwa, ndipo likalephereka ana ace sagona ndi njala.

Mafunso:
(a) Cifukwa ninji anthu anaida mizere, ngakhale inali yabwino?
(b) Chulani zinthu zitatu zimene Boma liyenera kucita.
(c) Mwakonza ciani pa khomo panu mvula isanadze?