Kodi "Web 2.0" Nchiyani?

Aphunzitsi ena afunsa tanthauzo la mau amenewa. Si makina atsopano ai. Kale intaneti inali ngati bolodi la zidziwitso pa boma: eni ake ankalemba, ife nkumangowerenga. Mau akuti Web 2.0 anatchuka mu 2004 pa msonkhano wa kampani ya Tim O'Reilly ku San Francisco. Atanthauza masamba amene wowerenga naye alembapo, monga Wikipedia, Facebook ndi YouTube. Liu lina ndilo Ajax, la mu 2005: njira yosinthira kachigawo ka tsamba osalitsegulanso lonse.

Tsono pa masamba otere alemba aliyense, katswiri ndi wabodza yemwe. Mwana wa sukulu akabwera nayo nkhani ya mankhwala kapena feteleza, mfunseni kuti analemba ndani.