Mapanelo a SIP: Khoma Lofika Lopangidwiratu

Panelo ya SIP ndi chigawo cha khoma kapena denga chopangidwira ku fakitale. Amatenga matabwa awiri opyapyala otchedwa OSB, opangidwa ndi tizidutswa ta mitengo tomata ndi guluu, n'kuika pakati pake polystyrene, zoyera zopepuka zija timazipeza m'katoni ya firiji yatsopano. Zitatuzi akazimata ndi kuzipanikiza zimalimba moti khoma limasenza lokha denga, popanda nsanamira zambiri. Panelo wamba imakhala mamita 1.2 m'lifupi ndi 2.4 m'litali, ndipo amuna awiri amatha kuinyamula.

Luso limeneli si lachilendo. Linayesedwa m'ma 1930 ku Forest Products Laboratory mumzinda wa Madison ku America, ndipo mu 1952 Alden B. Dow anamanga nyumba ku Midland, Michigan, ndi mapanelo okhala ndi polystyrene pakati.

Phindu lake

Polystyrene amatchinga kutentha monga imachitira fulasiki ya tiyi. Dzuwa la mu Okutobala likamaotcha kunja, m'kati simutentha msanga. Kukazizira mu Juni, kufunda sikuthawa. Choncho fani ndi mbaula sizigwira ntchito usiku wonse, ndipo ndalama za magetsi ndi makala zimachepa.

Kumanga kwake n'kofulumira. Malo a zitseko ndi mazenera amabooleratu ku fakitale motsatira pulani, ngakhalenso njira za mawaya a magetsi. Maziko akauma, amisiri amaimika mapanelo, kuwalumikiza ndi kukhomera, makoma n'kuima m'masiku ochepa. Palibe uvuni wa njerwa wofuna kugwetsera mitengo. Izi n'zofunika ku Malawi, kumene malamulo a mu 2018 analetsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zamalonda.

Tisabise: panelo payokha si yotchipa, makamaka ikachokera kunja. Mumapulumutsa pa malipiro a amisiri, zinthu zotayika pomanga ndi magetsi a zaka zam'tsogolo. Werengerani zonsezi pamodzi musanasankhe.

Adani ake awiri

Woyamba ndi madzi. OSB ikanyowa nthawi yaitali imafufuma n'kuvunda, mphamvu ya khoma n'kutha. Kwezani maziko kuti panelo isakhudze dothi, yalani pulasitiki yotchinga chinyezi pansi pake, ndipo denga lituluke mokwanira kuti mvula isamenye khoma. Polumikizana mapanelo ndi pamene nyumba zambiri zimaonongekera: tsekani mpata uliwonse ndi zomatira ndi tepi yake, osasiya ngakhale kamng'alu. Mapanelo akafika pamalo, asanjikeni pamatabwa ndi kuwafunditsa lona.

Wachiwiri ndi chiswe. Polystyrene si chakudya chake, koma chimaboolamo njira n'kufika pa thabwa inu osaona kanthu. Thirani mankhwala m'nthaka musanathire simenti, ndipo m'mphepete mwa maziko muzioneka poyera kuti muziyendera ngati chayamba kuumba njira zake. Kumalo a chiswe chambiri, funsani mapanelo okutidwa ndi mabodi a simenti kapena malata m'malo mwa OSB.

Nyumba ya mapanelo a SIP imatsekeka kwambiri, motero ikani mazenera oyang'anizana ndi tizibowo ta mpweya, ndipo musaphikire pa mbaula m'kati mutatseka. M'kati mwa makoma ikani mabodi a gypsum oteteza ku moto. Musaboole kapena kudula panelo musanafunse injiniya amene anajambula pulani.