Diresi la ukwati landithina, ndipo wosoka ndi apongozi anga

Okondedwa Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 26, ndimakhala kuno ku Kasenengwa ndipo ndimagulitsa m'kagolosale ka makolo anga. Ukwati wanga uli Loweruka lomaliza la Okutobala kutchalitchi, ndipo anthu taitana kale. Chondisowetsa tulo ndi diresi.

M'mwezi wa Juni bambo atagulitsa soya anandipatsa ndalama kuti ndisoketse diresi langalanga, osati lobwereka. Amayi a bwenzi langa anati ndisakataye ndalama kwa anthu achilendo pomwe mng'ono wawo ndi telala ku Chipata, amasokera pafupi ndi msika wa Kapata. Sindikanatha kukana. Ndinawatumizira chithunzi chomwe ndinapeza pa Facebook: diresi logwira thupi mpaka m'mawondo, kenako n'kutambasuka pansi, la lesi pachifuwa ndi m'manja. Iwo anati ndi zazing'ono. Tinamvana K3,500 pamodzi ndi nsalu, ndipo ndinatumiza K2,500 pafoni. Palibe chomwe tinalemba.

Kunena zoona ndinachita manyazi kukavula pamaso pa apongozi, choncho anandiyeza ndi mng'ono wanga kunyumba, manambalawo n'kutumiza pa WhatsApp.

Sabata yatha ndinapita kukayesa. Azakhali, zipi inakanira pakati pamsana. Pachifuwa sindimatha kupuma, manja sindimatha kukweza, ndipo kunsi m'malo motambasuka nsalu yangoti lendee. Lesi nayo ndi ina, ya maluwa akuluakulu ngati ya makatani. Iwo anangoti ndanenepa, ndichepetse nsima, ndipo ngati ndikufuna lesi ina ndiwonjezere K800. Ine ndinangoti zikomo, misozi n'kukatulukira m'minibasi.

Bwenzi langa akuti ndisachititse manyazi banja lawo. Anzanga akuti ndikalande ndalama zanga, ndibwereke diresi. Amayi sindinawauze. Kwatsala milungu isanu ndi umodzi. Nditani?

Wosowa tulo, Kasenengwa

Mwana wanga,

Pukuta misozi. Milungu isanu ndi umodzi ndi yokwanira kukonza diresi lothina, bola ntchito iyambe sabata ino. Chimene chingakuwonongere ukwati ndi zikomo uja unanena mtima ukukana. Apongozi akowo lero akuganiza kuti unapita kwanu uli wokondwa, ndipo sakhudzanso diresilo mpaka tsiku lomwe udzabwere kudzalitenga.

Mlanduwu uli mbali ziwiri. Telala wodziwa ntchito sadula nsalu ya ukwati potsatira manambala a pafoni. Amayeza yekha, ndipo ena amayamba asoka choyesera pa nsalu yotchipa, ngakhale shiti yakale, kuti aone thupi la munthu asanaike lumo pa satini. Kukuuza kuti uchepetse nsima n'kuthawa ntchito yawo. Diresi amasokera thupi limene lilipo. Koma nawenso unapereka manambala omwe anakuyeza mng'ono wako, ndipo ndikudziwa mmene atsikana mumaimira poyezedwa: mimba kukokera m'kati, mpweya kuumitsa, tepi kumanga thi! Mukatero mumachepetsa masentimita atatu kapena anayi m'chiuno ndi pachifuwa, ndipo ndi omwewo amene akusowa kuti zipi ikwere. Ukapita ukudziwa kuti mbali ina ndi yako, sukayamba ndi kuloza chala, ndipo iwonso sakadziteteza.

Usapite wekha, ndiponso usatumize uthenga pafoni. Auze amayi ako lero. Iwo kapena alangizi ako akuperekeze, chifukwa pakati pa anthu akuluakulu mawu amene iwe sungawatchule kwa apongozi amatuluka bwinobwino. Mupite m'mawa pakati pa sabata, osati Loweruka pamene makasitomala ali mbwee pakhomo. Nyamula nsapato ndi bra zomwe udzavale pa tsikulo. Manyazi ovula uwasiye kunyumba. Pa ntchitoyi iwo ndi telala, ndipo atelala aona matupi a mitundu yonse. Mawu oyamba akhale otere: “Amayi, ndinalakwitsa kutumiza manambala pafoni. Ndabwera kuti mundiyeze nokha, tione mmene tingakonzere.” Ngati thupi lako likusintha pa chifukwa china chimene sunandiuze, awo ndi anthu oti adziwe, ngakhale mwa kunong'oneza, chifukwa pofika Okutobala manambala adzakhala atasinthanso.

Mukatero mulitembenuze diresilo, kunja kukhale m'kati, muyang'ane misoko ya m'mbali kuyambira kukhwapa mpaka m'chiuno. Tenga tepi uyeze nsalu yotsala kuseri kwa ulusi. Ukapeza masentimita awiri kapena atatu, uli ndi mwayi. Kusolola msoko umodzi ndi kuusunthira kunja sentimita imodzi kumakupatsa masentimita awiri, chifukwa nsalu imachokera uku ndi uku. Misoko iwiri ya m'mbali ikupatsa anayi. Ngati pali misoko ina yotsika pachifuwa ndi kumsana, nayonso ingapereke pang'ono. Chenjezo ndi lakuti satini amasunga zipsera za singano. Pomwe panadutsa ulusi wakale pamatsala timabowo tooneka pa dzuwa, choncho pamenepo pafunika kuphimba ndi tizidutswa ta lesi tosokera pamanja.

Mukapeza kuti nsalu anaidula mpaka pa ulusi, njira ilipobe, ndipo ndi imene ine ndingasankhe. Achotse zipi, asokere timakoko mbali zonse ziwiri za msana, mudutse chingwe cha satini chomanga mopingasa, ndipo m'kati aikemo kansalu kobisa msana. Kamangidwe kameneka kamakuza diresi ndi masentimita angapo, ndipo pa tsikulo wokuveka amamanga molingana ndi mmene uliri. Ukaonda chifukwa cha kuthamangathamanga amakoka, ukanenepa amamasula. Anthu ambiri amaona ngati ndi mmene diresilo linapangidwira. Manja okanika kukwera amakonzedwa poika kachidutswa ka nsalu kukhwapa, kapena kuwachotseratu n'kusoka kajekete ka lesi kovala m'tchalitchi mokha. Okutobala kuno ndi mwezi wa dzuwa lang'amba, udzayamika kuvula kajeketeko pa madyerero.

Za kunsi komwe kwati lendee, vuto ndi chithunzi chija. Madiresi a pa Facebook amajambulidwa atawakoka kumbuyo ndi zopanira, pansi pake pali pitikoti wa waya ndi neti yolimba yosanjikiza kangapo. Telala akangoona kutsogolo kwa chithunzi sadziwa zomwe zili m'kati. Kuti diresi lako litambasuke pafunika neti yolimba yosokera pa nsalu yam'kati kuyambira m'mawondo, mizere itatu kapena inayi, yokwinyika. Neti siidula ngati lesi, ndipo m'masitolo a nsalu ku Down Shops m'tauni ya Chipata ndi koyambira kufunsa. Ukamayesa, khala pampando, gwada, kwera sitepe. Kutchalitchi udzagwada, pamwambo udzagwadiranso makolo, ndipo diresi logwira m'mawondo likapanda malo limang'ambika pa nthawi yomweyo.

Pa K800 ija, safunsa anadya phula. Funsa mwaulemu kuti pa K2,500 unatumiza, nsalu inatenga zingati, mamita angati, ndipo yotsala ili kuti. Zidutswa zotsala ndi zako, ndipo ndi zomwe zifunike pokonza. Kukonza kukula kwa diresi kukhale m'kati mwa mtengo womwe munamvana, popeza K1,000 yotsala sunapereke. Lesi ndi nkhani ina. Ngati pomvana simunatchule mtundu wake, ndipo sunaone kachidutswa asanagule, n'kovuta kunena kuti anakubera. Lesi yopyapyala ya mikanda ndi yodula kuposa ya maluwa akuluakulu, ndipo mwina K3,500 sikanakwanira kuyambira pachiyambi. Ukafuna ina, ukasankhe wekha, utanyamula kachidutswa ka satini wako, chifukwa zoyera sizifanana: pali yoyera mbee ndi yoyera ya mkaka, ndipo zikakumana pa diresi limodzi ina imaoneka yakuda. Ikasowa ku Chipata, ambiri amatuma ku Kamwala ku Lusaka, koma ndi ulendo wa makilomita oposa 500 pa msewu wa Great East, ndipo wotumidwa amasankha ndi maso ake. Lilongwe ili pafupi kudzera pa Mwami ndi Mchinji ngati uli ndi wina wodutsa kumeneko. Pa nthawi yatsalayi ine ndingagule mita imodzi yokha ya lesi yabwino, n'kudula maluwa ake kukongoletsa pakhosi, pachifuwa ndi m'misoko, m'malo mosintha diresi lonse.

Musanatsanzikane, zonse zilembedwe m'kabuku ka telala, nawe ujambule tsambalo pafoni: zomwe akonze, mtengo, ndalama zomwe walipira ndi zotsala, komanso masiku. Kulemba si kusakhulupirira apongozi. Auze kuti mutu wako wadzaza za ukwati, ukuopa kuiwala. Muike masiku atatu. Loyamba pakatha masiku khumi, kuona ngati pachifuwa pamasuka. Lachiwiri kutatsala milungu itatu, kuona neti ndi kupinda m'munsi utavala nsapato zako, nsalu isakhudze pansi kutsogolo kuti usaiponde. Lachitatu kutatsala milungu iwiri, lotenga diresi. Ndalama zotsala uzipereke pa tsiku lachitatuli diresi utalivala, osati lisanafike. Ufunsenso ngati ali ndi makina opalasa ndi mapazi. Kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, kunatiphunzitsa kuti wodalira makina a magetsi okha amatha kukhala tsiku lonse manja ali m'khosi.

Tsiku loyamba lija likadutsa palibe chachitika, usadikirenso. Tenga diresi ndi zidutswa zake mwamtendere, upite kwa telala wina amene wasokapo madiresi a ukwati, ndipo umupemphe akuonetse ntchito yake ndi maso, osati zithunzi zokha. Pa nthawi yomweyo kayang'ane madiresi obwereketsa m'tauni, ufunse mtengo ndi chikole, kuti ukhale ndi pothawira. Ngakhale pa salaula pamapezeka madiresi a ukwati. Ukapeza, tenga lalikulu, chifukwa kuchepetsa n'kosavuta kusiyana ndi kukuza. Ndipo zikavuta kwenikweni, diresi la chitenge losokedwa bwino silichotsa madalitso. Diresi loyera linafala Mfumukazi Victoria ya ku Britain itavala loyera pa ukwati wake mu 1840. Maukwati analipo kale chaka chimenecho chisanafike. Ungofunsiratu abusa kapena akuluakulu a mpingo zomwe amalola.

Anzako akuti ukalande ndalama. Lamulo lilipo ndithu. Lamulo la Zambia loteteza ogula la mu 2010 limati wogwira ntchito yolipidwa aigwire mwaluso, mosamala, ndiponso pa nthawi yoyenera, ndipo bungwe la Competition and Consumer Protection Commission limalandira madandaulo otere. Uthenga wa pafoni wotsimikiza kuti unatumiza K2,500 ndi umboni, usaufufute. Akanakhala mlendo amene wadya ndalama n'kuzimitsa foni, ndikanakutuma kumeneko kapena ku khoti laling'ono. Koma awa sanathawe, nsalu anagula, ntchito anayamba, ndipo ndi anthu omwe udzakumana nawo pa maliro ndi pa maukwati moyo wako wonse. Nkhani ikakula, ankhoswe ndi amene ayambe kuimva. Ntchito yawo siyamba ukwati ukachitika, inayamba kale.

Diresi likatha, ulikulunge mu shiti yoyera ya thonje, ulinyamule pamiyendo m'galimoto, chifukwa fumbi la nyengo ino limalowa ngakhale m'chikwama. Kunyumba lipachike m'chipinda chopanda utsi. Asalisite ndi nsimbi ya makala mwachindunji: satini wambiri wa m'masitolo ndi wa poliyesita, amasungunuka akapsa, ndipo kaphulusa kamodzi kamasiya banga. Nsimbi ikhale yofunda chabe, pakati pakhale nsalu yoyera, ndipo asite cham'kati. Pa tsikulo wokuperekeza anyamule singano, ulusi woyera ndi mapini.

Chomaliza ndi bwenzi lakolo. Mawu ake akuti usachititse manyazi banja lawo sanandisangalatse. Mwina akuopa amayi ake, zimene zimachitika, koma ndalama ndi za soya wa bambo ako, ndipo amene adzaime kutsogolo kwa mpingo akulephera kupuma ndiwe. Khala naye pansi umuuze kuti sukufuna kunyoza munthu, ukufuna diresi lokukwana, ndipo umupemphe chinthu chimodzi: akauze amayi ake yekha kuti mukupita kukakonzetsa, kuti asamvere kwa ena nkhani itapotoka kale. Uonetsetse mmene ayankhire. M'banja mudzakumana ndi nkhani zolemera kuposa zipi, zokhudza abale ake ndi ako, ndipo ndi bwino aphunzire panopa kuti kulemekeza makolo sikutanthauza kumutseka pakamwa mkazi wake. Akakana ngakhale zimenezi, uwauze alangizi ndi ankhoswe Okutobala asanafike.

Ndine,
Azakhali ako