Mbiri ya Atsamunda Oyamba: Kulemba za Dziko Lonse ndi Kulemba za Mudzi Umodzi

Ophunzira, mukamawerenga buku lokamba za kubwera kwa atsamunda, musathamangire kuloweza zaka zokha ayi. Yambani mwadzifunsa kuti: kodi mlembiyu waima pati? Alembi ena amakwera pamwamba pa phiri n'kuona dziko lonse nthawi imodzi. Ena amakhala pansi pabwalo la mudzi umodzi n'kumamvetsera za anthu ake. M'phunziroli tifananiza njira ziwirizi.

1. Kulemba za dziko lonse

Chitsanzo chabwino ndi buku la John McCracken lotchedwa A History of Malawi, la mu 2012, lomwe likufotokoza zochitika kuyambira 1859 mpaka 1966. Mlembi wotere amatiuza kuti dziko lino linalowa mu ulamuliro wa Angerezi mu 1891, kuti woyamba kuyendetsa boma lawo anali Harry Johnston, ndiponso kuti dzina loti Nyasaland linayamba mu 1907. Amalumikizanso zinthu zooneka ngati zotalikirana. Mwachitsanzo, msonkho wa nyumba unkakakamiza anthu kukagwira ntchito m'minda ya azungu kuti apeze ndalama zolipirira.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti imayankha funso loti "chifukwa chiyani?" Koma vuto lake n'lakuti munthu wamba amasowamo. Timangomva kuti "anthu anavutika," koma ndani? Anavutika bwanji?

2. Kulemba za mudzi umodzi

Tsopano taonani buku la Landeg White lotchedwa Magomero, la mu 1987. Iyeyu anasankha malo amodzi basi. Pa Magomero ndi pomwe Bishopu Mackenzie anakhazikitsa mishoni mu 1861. Pambuyo pake malowa anakhala munda wa kampani ya A. L. Bruce, ndipo Alomwe ambiri ochokera ku Mozambique anadzakhala pamenepo. Iwowa ankagwira thangata, kutanthauza kulimira mwini munda m'malo molipira malo okhala. Woyang'anira mundawo, William Jervis Livingstone, anatchuka ndi nkhanza, ndipo anaphedwa pa 23 Januwale 1915 usiku umene otsatira John Chilembwe anaukira.

Mwaona kusiyana kwake? Buku la dziko lonse limathera mawu ochepa pa thangata, pomwe buku la mudzi umodzi limatilowetsa m'munda momwemo. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komabe chenjerani: mudzi umodzi si dziko lonse. Samuel Josiah Ntara, mlembi wa Nthondo, analembanso buku la Msyamboza, lonena za mfumu ya mudzi wa Chibanzi ku Dowa. Mfumuyi inalandira amishoni, inalowa Chikhristu, ndipo inatukula mudzi wake ndi ulimi komanso malonda. Nyengo ndi yomweyo, koma nkhani ndi ina. Wowerenga Magomero yekha angati aliyense anali pa thangata. Wowerenga Msyamboza yekha angati atsamunda anadza ndi zabwino zokhazokha. Onse awiri alakwa.

Dziwaninso kuti mlembi mmodzi akhoza kugwiritsa ntchito njira zonse ziwiri. Ntara yemweyo analemba Mbiri ya Achewa, buku lokamba za mtundu wonse.

3. Poyankha funso pamayeso

Ambiri mumataya malikisi chifukwa chongofotokoza nkhani m'malo mofananiza. Chitani izi:

(a) Tchulani njira imene mlembi wagwiritsa ntchito.
(b) Perekani umboni: dzina la munthu, malo kapena chaka.
(c) Nenani chimene njirayo yaonetsa bwino.
(d) Nenani chimene yasiya, ndi yemwe mawu ake sanamveke.

Mfundo yachinayi ndi imene ambiri amaiwala, chonsecho ndi imene imaonetsa kuti mwaganiza panokha.

Ntchito

1. Fotokozani ubwino umodzi ndi vuto limodzi la kulemba mbiri ya dziko lonse.
2. N'chifukwa chiyani nkhani ya Magomero siingaimire madera onse a Nyasaland?
3. Funsani agogo anu zomwe anamva kwa makolo awo zokhudza msonkho kapena thangata. Lembani ndime imodzi, kenako nenani njira imene mwatsata.