Kodi Khoma la Nyumba Limaphunzitsanji?

CHITHUNZI chopachikidwa pakhoma chimalankhula tsiku ndi tsiku, makamaka kwa ana. Chotero, banja lanzeru silimachisankha kokha chifukwa chakuti maonekedwe ake akuyenerana ndi mipando.

2 Talingalirani za ntchito ya Sam Nhlengethwa, wobadwira ku Payneville, Springs, mu 1955. Iye wajambula oimba jazz ndi amuna ogwira ntchito m'migodi. Kwa banja la Amalaŵi lokhala ku Ekurhuleni, limene agogo ake anakumba golidi atalembedwa ntchito ndi Wenela, chithunzi choterocho chingasonkhezere ana kufunsa za kumene anachokera. Kope losindikizidwa, lotsikirapo mtengo, lingaphunzitse zofananazo popanda kuloŵetsa banjalo m'ngongole.

1, 2. Kodi banja liyenera kulingaliranji posankha chithunzi?