PHUNZIRO: OWERENGA MAKALATA AKALE KU HAGLEY

Mwezi uno tiphunzire za nyumba ina ya ku America imene ipatsa anthu ophunzira ndalama kuti akawerenge makalata akale. Dzina lake ndi Hagley Museum and Library, ndipo iri m'mbali mwa mtsinje wa Brandywine, pafupi ndi mzinda wa Wilmington, ku Delaware.

1. Chiyambi chake. M'chaka cha 1802 munthu wina wochokera ku France, dzina lake E. I. du Pont, anayamba kumanga kumeneko mphero zopangira wonga wa mfuti, zoyenda ndi madzi. Ntchitoyo inali yoopsa ndithu. Nyumba za mphero zinali ndi makoma atatu ochindikala a miyala, koma mbali yopenya kumtsinje inali yopepuka, kuti wonga ukaphulika, ukali wake uthawire kumadzi. Ngakhale anachenjera chotero, anthu oposa 200 anafa kufikira 1921, pamene mpherozo zinatsekedwa. M'chaka cha 1957 anatsegulapo nyumba yoonetsera zakale, ndipo mu 1961 nyumba ya mabuku.

2. Zosungidwamo. Muli makalata a kampani ya du Pont, mabuku olembamo malipiro a antchito, zithunzi, ndiponso makalata a kampani ya njanji ya Pennsylvania Railroad. Koma taonani, makalata salankhula okha. Chimanga cha m'nkhokwe sichikhutitsa munthu chikapanda kusinjidwa.

3. Thandizo lake. Wofuna kufufuza ayamba walemba kalata yofotokoza funso lake ndi makalata amene afuna kuona. Akulu a nyumbayo ayesa makalata a opempha onse, nasankha. Ena alandira ndalama za sabata imodzi, kuti ayambe aona ngati chimene afuna chirimo. Ena za masabata ochuluka. Ndipo olemba buku la maphunziro apamwamba akhala miyezi. Potero wophunzira wosauka sabwerera panjira chifukwa cha ulendo ndi chakudya.

4. Phindu lake. Eni chuma akumbukika msanga, pakuti maina awo ali pa nyumba zazikulu. Koma wantchito wofera pa mphero, monga ambiri aja ochokera ku Ireland, dzina lake latsala m'buku la malipiro. Wofufuza akapanda kufika, munthuyo aiwalika.

Tsono ifenso tisamale makalata a makolo athu, chiswe chingawadye. Ndipo mwana akafuna kuwawerenga, timpatse nthawi.